MAU AKUTI "ANALEPTIC": KUMENE ADACHOKERA NDI M'MENE ADASINTHIRA

Munthu akatsekula buku lophunzitsa madokotala za mankhwala, amapezamo kagulu kena kakang'ono kotchedwa "analeptic" pa Chingerezi. Bukulo limati ameneŵa ndi mankhwala odzidzimutsa bongo, makamaka chigawo chija chimene chimayendetsa kupuma, ndipo limachenjeza kuti akangochulukirapo pang'ono, wodwala amayamba kuphupha ngati wakhunyu. Koma tikadafunsa dokotala wa ku Paris wa zaka 250 zapitazo kuti atipatse analeptic, akadatibweretsera msuzi wa nkhuku, dzira lofeŵa, mwina ndi kachikho ka vinyo. Nanga zidatheka bwanji kuti mau amodzimodzi ayambire pa msuzi ndi kukathera pa jekeseni woopsa? Funso limeneli lingawoneke ngati la achipatala okha. Komabe ife amene tidakhalapo pansi ndi Chipangano Chatsopano cha Chigriki, tidakomana nawo kale mau ameneŵa, kungoti adaavala malaya ena.

Tsinde lake ndi mneni uja lambano, "kutenga" kapena "kugwira", amene amavutitsa wophunzira aliyense woyamba kumene Chigriki chifukwa chosinthasintha maonekedwe: lero ndi lambano, maŵa ndi lepsomai, dzulo adaali elabon. Kwa mneni ameneyu kudachokera mau angapo akuchipatala othera ndi "-lepsy" kapena "-leptic". Odziŵika kwambiri ndi epilepsy, ndiye kuti khunyu. Epi amatanthauza "pamwamba pa", tsono Agriki ankawona ngati munthuyo wagwidwa ndi chinthu chomgwera mwadzidzidzi. Maganizo ao sali kutali ndi athu, paja ifenso timati munthu wagwidwa ndi malungo.

M'mau athuŵa, patsogolo pa lambano pali ana. Kachigawo kameneka nkakang'ono, koma mbiri yonse yagona pomwepo, pakuti kali ndi matanthauzo aŵiri. Nthaŵi zina ana ndiye kuti "kumwamba", nthaŵi zina ndiye kuti "kachiŵiri", monga "-nso" wathu uja. Motero analambano ndi kutola chinthu pansi nkuchikweza, komanso ndi kutenganso chimene udaataya. Dzina lochokera kwa mneniyu ndi analepsis, ndipo chinthu chimene chimathandiza pa ntchito yotere chimatchedwa analeptikos.

M'mabuku akale otchedwa dzina la Hippocrates, sing'anga wa pa chilumba cha Kos amene adabadwa cha m'ma 460 Kristu asanabadwe, matanthauzo onse aŵiri alimo. Pokamba za mafupa, analepsis ndi kukoleka mkono wovulala m'nsalu, kuti usalendeŵere pamene ukupola. Pokamba za matenda otentha thupi, analepsis ndi nyengo imene wodwala wayamba kupezako bwino ndipo akutolera mphamvu zake. Tisafulumire kuchoka pa nsalu yokolekera mkonoyo. Nsalu siluzanitsa fupa. Ntchito yake nkungonyamula kulemera kwa mkono, kuti thupi lokha lichite zimene limadziŵa kuchita. Asing'anga akalewo pamene ankanena za analepsis, ankaganiza za chithandizo cha mtundu umenewu. M'mabuku omwewo muli langizo lakuti thupi limene lidaonda pa nthaŵi yaitali, liyenera kudyetsedwa pang'onopang'ono kuti libwerere mwakale.

Amene adalongosola bwino nkhaniyi ndi Galen, wobadwira ku Pergamon m'chaka cha 129, amene pambuyo pake adakhala sing'anga wa mafumu a ku Roma. Iye ankaphunzitsa kuti thupi la munthu silingokhala lamoyo bwino kapena lodwala basi. Pali mkhalidwe wachitatu, wapakatikati, ndipo m'menemo ankaikamo okalamba ndi anthu ongochira kumene. Wongochira kumene matenda amleka, koma sanakhale munthu wangwiro. Magazi ake ngabwino, koma ngochepa. Munthu wotere safunanso mankhwala olimbana ndi nthenda, pakuti nthendayo palibe. Afuna chakudya chofeŵa chosavuta kugaya, tulo, kusamba, kumtikita thupi ndi mafuta, kumnyamula kuti akapitidweko mphepo, ndipo pambuyo pake kuyenda ndi miyendo yake. Chisamaliro chonsechi ndicho Galen ankachitcha analeptike.

Mkhalidwe wachitatuwu ife timaudziŵa, ngakhale tilibe dzina limodzi loutchulira. Timati "akupezako bwino", "wayamba kulaŵa phala", "dzulo adatulukako panja kukaothera dzuŵa". Koma tivomere kuti pa utumiki wathu ndi nthaŵi imene timaiiŵala kwambiri. Munthu akadwala mwakayakaya, abale amasonkhana, akumphakati amabwera, wansembe amaitanidwa ngakhale usiku. Akangotuluka m'chipatala, tonse timati zatha. Chonsecho ndi pamene munthuyo sangathe kugwira khasu, ndalama zidathera kuchipatala, ndipo womsamala uja watopa. Galen adaawona kuti nyengo imeneyi ili ndi zosoŵa zakezake, mpaka kuipatsa chigawo chakechake m'maphunziro a using'anga.

Kudaalinso gulu lina la asing'anga otchedwa Amethodiki, amene Galen sankagwirizana nawo konse, koma pa nkhani iyi adatisiyira malangizo atsatanetsatane kupambana iye. Wamkulu wao adaali Soranus wa ku Ephesus, amene ankagwira ntchito ku Roma pa nthaŵi ya mafumu Trajan ndi Hadrian, ndipo ndi yemwe uja Tertullian amamtchula m'buku lake lonena za mzimu wa munthu. Zambiri zimene Soranus adalemba za matenda zidatifika kudzera mwa munthu wa mu Afrika muno, Caelius Aurelianus wa ku Sicca Veneria, mzinda umene lero ndi El Kef m'dziko la Tunisia. Iyeyu adazimasulira m'Chilatini cha m'ma 400. Pa matenda amgonagona, Amethodiki ankayamba ndi dongosolo la masiku lobwezera mphamvu. Tsiku loyamba wodwala ankangolaŵa pang'ono. Kenaka ankampatsa gawo limodzi mwa magawo atatu a buledi amene ankadya ali bwino, pamodzi ndi ndiwo zamasamba ndi nsomba. Patapita masiku aŵiri kapena atatu ankawonjeza gawo lachiŵiri la buledi ndi nyama ya mbalame. Patapitanso masiku ena, gawo lachitatu ndi nyama yakutchire monga kalulu. Potsiriza nyama ya nkhumba. Vinyo ndi zolimbitsa thupi ankaziwonjeza chimodzimodzi, pang'onopang'ono. Atatha zonsezi ndi pamene ankayamba mankhwala aukali, monga kusanzitsa wodwala ndi kummata mpiru pakhungu. Mankhwala aukaliwo lero sitingaŵavomereze. Koma ndondomeko yake inali yanzeru: yamba wamlimbitsa munthu, usanamgwedeze.

Amene adatumikirako pa chipatala cha mishoni, m'chipinda cha ana onyentchera, azindikira nzeru yomweyo. Mwana wofika atatupikana sayamba ndi chakudya champhamvu ai. Amayamba ndi mkaka wopepuka wotchedwa F-75, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo thupi likakhazikika ndi pamene amampatsa F-100 kapena chiponde. Chifukwa chake nchakuti thupi limene lakhala ndi njala nthaŵi yaitali, likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, michere ina yam'magazi imatsika msanga, mtima nkulephera. Caelius sankadziŵa za michere imeneyi, koma magawo atatu a buledi aja ankateteza wodwala ku ngozi yomweyi.

Pomasulira analeptikos, Caelius adasankha mau akuti resumptivus, kuchokera ku re-sumere, "kutenganso". Adatsata tanthauzo lachiŵiri la ana. Tsono apa mpamene mbiri ya mauŵa ikukomana ndi Malembo Oyera, pakuti omasulira Baibulo m'Chilatini adakomana ndi mau omweŵa, iwo natsata tanthauzo loyamba.

Pa Luka 9:51, pamene Yesu akuyamba ulendo wake wotsiriza wopita ku Yerusalemu, mlembi akutchula nthaŵi imene inkayandikirayo kuti masiku a analempsis yake. Ndi mau omwe aja a Hippocrates. "M" wowonjezekayo ndi kalembedwe chabe ka Chigriki cha nthaŵi ya Atumwi. M'Chipangano Chatsopano chonse dzinali limapezeka pamenepa pokha, koma mneni wake amapezeka kangapo. Nthaŵi zina alibe zakuya zilizonse: pa Ntchito 20:13-14 ndi kukweza Paulo m'chombo, pa 2 Timoteo 4:11 ndi kutenga Marko pa ulendo, pa Aefeso 6:13 ndi kunyamula zida zankhondo. Koma pa Ntchito 1:2, 11 ndi 22, pa Marko 16:19 ndi pa 1 Timoteo 3:16, akunena za kutengedwa kwa Ambuye kupita kumwamba. M'Baibulo la Vulgate, limene Mauthenga Abwino ake adaŵakonza Jerome Woyera cha m'ma 384, mau a pa Luka 9:51 ndi assumptio. Motero chimene Chigriki chidasunga m'mau amodzi, Chilatini chidachigaŵa paŵiri: resumptio kwa wodwala, assumptio kwa wotengedwa kumwamba. Pambuyo pake Mpingo wa Kuzambwe udatcha chikondwerero cha Ambuye kuti Ascensio, "kukwera", nusiyira Amai Maria dzina la Assumptio. Mpingo wa Agriki mpaka lero umati Analepsis, ndipo potero umasunga mfundo imene ili m'mavesi aja, yakuti Mwana sakungokwera yekha, koma akutengedwa.

Pamenepa mlaliki angakopeke mtima. Paja Akolose 4:14 amamutcha Luka sing'anga. Kodi tsono sadasankhe dala mau akuchipatala, kuti atiwonetse Kukwera Kumwamba ngati kuchira kwa mtundu wa anthu? Ulaliki wotere ungakome, koma maziko ake ngosalimba. M'chaka cha 1882 William Kirk Hobart adatulutsa ku Dublin buku lalikulu, m'mene adasonkhanitsa mau ambirimbiri a Luka amene amapezekanso mwa Hippocrates ndi Galen, pofuna kutsimikiza kuti mlembiyo adaalidi dokotala. Cha m'ma 1920 Henry Cadbury wa ku Harvard adawonetsa kuti mau ambiri mwa ameneŵa alimonso mwa Josephus, Plutarch ndi Lucian, anthu amene sadachiritsepo munthu. Ophunzira ake ankaseka kuti iye adapata udokotala wake pomulanda Luka udokotala. Cadbury sadakane kuti Luka angakhale sing'anga. Adangowonetsa kuti mau okha sangatsimikize zimenezo. Ndipo pa mau athuŵa gwero lake lili poyera. M'Septuaginta, mneni yemweyu ndiye akufotokoza kutengedwa kwa Eliya pa 2 Mafumu 2, ndipo Mphunzitsi Sira 48:9 ndi 1 Amakabeo 2:58 akubwereza chimodzimodzi. Luka polemba mutu 9 ankaganiza za Eliya, amene akumtchula kangapo m'mutu womwewo, osati za msuzi wa wodwala.

Tibwerere kwa odwala. Ufumu wa Roma utagwa Kuzambwe, chisamaliro chakale chija chidapeza malo m'nyumba za amonke. Benedict Woyera, m'mutu 36 wa Malamulo ake olembedwa cha m'ma 540, akuika chisamaliro cha odwala patsogolo pa ntchito zina zonse. Akulamula kuti akhale ndi chipinda chaochao ndi mbale woŵatumikira, kuti aziloledwa kusamba nthaŵi iliyonse pakafunika, ndiponso kuti ofooka kwambiri azidya nyama, imene amonke ena onse sankadya, mpaka mphamvu zitabwerera. Akachira, abwerere ku mwambo wa onse. Mau amene iye akugwiritsa ntchito ndi reparatio, koma ganizo lake ndi la Galen lomwe lija. Ngakhale chipinda chathu chodyera, refectorium, dzina lake lidachokera ku reficere, "kupanganso", ngakhale kuti nyemba za masiku ena sizitikumbutsa zimenezo.

Mau enieni a Chigriki aja adasokera pang'ono pa nthaŵi imeneyi. Olemba a zaka zapakati, monga Bartholomaeus Anglicus, wa chipani cha Afransisko, amene adalemba buku lake lofotokoza chilengedwe cha m'ma 1240, ankagaŵa khunyu patatu, ndipo mtundu umodzi ankautcha analempsia. Ankakhulupirira kuti umenewu umayambira m'mimba nkukwera kumutu. Mau onena za kuchira adasanduka dzina la nthenda. Koma pamene akatswiri adayambanso kuŵerenga Galen m'Chigriki m'zaka za m'ma 1500, tanthauzo lakale lidabwerera, ndipo ndi limene lidaloŵa m'Chifalansa ndi m'Chingerezi. Ku Paris, m'zaka za m'ma 1760, kudatsekulidwa nyumba zogulitsa msuzi wa nyama kwa anthu ofooka. Msuziwo unkatchedwa restaurant, "wobwezera mphamvu", ndipo dzinali lidatsalira pa nyumbazo mpaka lero. Brillat-Savarin, m'buku lake la 1825 lonena za kadyedwe, akuyamikira Sulpice Debauve, amene kale adaali wosakaniza mankhwala wa mfumu Louis XVI, chifukwa chogulitsa chokoleti cha analeptique kwa anthu oonda. Kufikira apa, analeptic chidaali chinthu chodya.

Kusintha kudabwera ndi sayansi yosefa mankhwala m'zomera. Mu 1812 Pierre Boullay adapatula picrotoxin. Mu 1818 Pelletier ndi Caventou adapatula strychnine m'njere za mitengo ya ku Asia ya mtundu wa Strychnos, imene ili pachibale ndi mateme athu. Chaka chotsatira Friedlieb Runge adapatula caffeine m'khofi. Kwa nthaŵi yoyamba dokotala adaali ndi kaufa kamene, pang'ono chabe, kankachititsa munthu wolefuka kuphethira, kupuma mwamphamvu ndi kugwedeza miyendo m'mphindi zoŵerengeka. Msuzi umafuna masabata. Kaufako zotsatira zake zinkawoneka dokotala asanachoke pambali pa bedi. Ndipo kufunika kwake kudakula. Mankhwala ogonetsa pochita opaleshoni atayamba, ether mu 1846 ndi chloroform mu 1847, padapezeka odwala amene kupuma kwao kunkazilala ali m'tulo. Mu 1903 Emil Fischer ndi Joseph von Mering adalengeza za barbital, mankhwala opatsa tulo amene adagulitsidwa ndi dzina la Veronal, ndipo mu 1912 kudabwera phenobarbital. Posachedwa zipatala za ku Ulaya ndi ku Amerika zidayamba kulandira anthu ambiri amene adaamwa mapiritsiŵa mopyola muyeso, ena mwangozi, ena pofuna kudzipha, ali chikomokere. M'zaka za m'ma 1920 kampani ya Ciba idatulutsa Coramine, ya Knoll idatulutsa Cardiazol, ndipo kuyambira m'ma 1930 madokotala adayambanso kubaya picrotoxin kwa okomokawo. Mankhwala onseŵa adatenga dzina la analeptic. Ana uja tsopano adatanthauza kudzutsa munthu, osatinso kummanga thupi.

Maganizo ake ankamveka olongosoka: ngati mankhwala ena agonetsa bongo, tipereke ena oudzutsa. Vuto lake lidaali lakuti muyeso woyambitsa kupuma ndi muyeso woyambitsa kuphupha zidayandikana kwambiri. Zimenezi zidawonekera poyera mu 1934, pamene Ladislas Meduna wa ku Budapest, pofuna kuchiza misala ya mtundu wa schizophrenia mwa kuchititsa dala khunyu, adayamba ndi camphor, kenaka nasankha Cardiazol yemweyo, chifukwa ndiye ankagwetsa munthu msanga ndi mosalephera. Olemba a zaka zapakati aja, amene adaasokoneza analepsis ndi khunyu, akadamva zimenezi bwenzi atati adaanena zoona. Kwa wodwala wokomoka, ngozi yake idaali yaikulu. Bongo umene ukusoŵa kale mpweya wa okosijeni, ukaukakamiza kugwira ntchito, umafuna okosijeni wochuluka koposa. Thupi linkatentha, mtima unkagunda mosalongosoka, wodwala ankasanza masanzi nkuloŵa m'mapapo, ndipo mphamvu ya jekeseni ikatha ankamira m'tulo tozama kupambana poyamba. Zidaali ngati kukwapula ng'ombe imene yagwa ndi kutopa pa ngolo: imadzukadi, koma siifika kutali.

Amene adasintha zinthu ndi madokotala a ku Copenhagen. Mu 1949 odwala onse a mumzindawo amene adaamwa mankhwala oopsa adayamba kuŵasonkhanitsa pa malo amodzi, pa chipatala cha Bispebjerg, motsogozedwa ndi Carl Clemmesen. Iye pamodzi ndi Eric Nilsson wa ku Sweden, katswiri wa mankhwala ogonetsa, adaleka kupereka ma analeptic. M'malo mwake adaika mtima pa zinthu zimene zinkawoneka ngati zazing'ono: kusunga njira ya mpweya kuti isatsekeke, ngakhale poloŵetsa chubu pakholingo; kupereka okosijeni; kuthira madzi m'mitsempha kuti magazi aziyenda bwino; kutembenuza wodwala kaŵirikaŵiri, usana ndi usiku; kulimbana ndi chibayo chikangoyamba; kulemba kutentha kwa thupi ndi kugunda kwa mtima nthaŵi ndi nthaŵi. Kudzutsa wodwala adakuleka. Ankangomsunga wamoyo mpaka chiŵindi ndi impso zake zitachotsa zokha mankhwala aja, ngakhale patapita masiku angapo. Pakati pa zaka za m'ma 1940, mwa odwala otere ankafa pafupi 20 pa 100 alionse. Pamene aŵiriŵa ankafalitsa zotsatira za ntchito yao mu 1961, ankafa mmodzi kapena aŵiri pa 100. Njirayi idatchuka ndi dzina lakuti njira ya ku Scandinavia, ndipo ndi imodzi mwa mizu ya zipinda za odwala mwakayakaya za masiku ano.

Tingathe kunena kuti Clemmesen ndi Nilsson, potaya mankhwala otchedwa analeptic, adabwerera ku analepsis ya Hippocrates, ya nsalu yokolekera mkono ija. Iwo sadanene choncho, ndipo zida zao zidaali za m'zaka za m'ma 1900, zimene Galen sakadazilota nkomwe. Tisaiŵalenso kuti ntchito yaikulu ya njirayi idagwera anamwino, pakuti kutembenuza munthu wokomoka pakati pa usiku sikuchitika ndi jekeseni.

Madokotala ena sadagonje msanga. Pakati pa zaka za m'ma 1950 kudabwera bemegride, amene poyamba ankamuyesa mankhwala enieni othetsa mphamvu ya mapiritsi atulo aja, koma adapezeka kuti naye ngwodzidzimutsa bongo chabe monga anzake. Ku United States chilolezo cha Cardiazol, amene kumeneko ankatchedwa Metrazol, chidachotsedwa mu 1982. Lero m'kagulu kaja mwatsala mankhwala oŵerengeka. Pali doxapram, wa m'zaka za m'ma 1960, amene amagwiritsidwa ntchito mwa apo ndi apo. Wofunika koposa ndi caffeine. Ana obadwa masiku asanakwane nthaŵi zina amangoleka kupuma kwa kanthaŵi, chifukwa chigawo cha bongo choyendetsa kupuma sichinakhwime. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 madokotala akhala akuŵapatsa aminophylline kapena caffeine, ndipo kafukufuku wamkulu wa ana oposa 2,000, wofalitsidwa mu 2006 motsogozedwa ndi Barbara Schmidt, adawonetsa kuti ana olandira caffeine ankaleka msanga kudalira makina opumira ndipo mapapo ao sankaonongeka kwambiri. Muyeso wake ngwochepa, amaupereka kamodzi pa tsiku kwa masabata angapo, mwanayo ali pamalo otentha ndipo akulandira mkaka, mpaka bongo wake utakhwima.

Ku Greece komweko mauŵa akalipo, ndipo masiku ano amaŵatchula kuti analipsi. Ndi dzina la chikondwerero cha tsiku la 40 chipitire Pasaka, ndiponso la matchalitchi ndi midzi ingapo. Ndi mau omwenso amalembedwa pa makina a kubanki, kutanthauza kutapa ndalama. Pokamba za munthu wongochira kumene, Agriki a lero amagwiritsa ntchito mau ena, akuti anarrosi.